Mnyamata amene ankathamangira timu yonse

Ndili ndi kope lachikuto cholimba limene ndimalembamo zotsatira za masewero a timu yathu, kuyambira chaka chimene anandipatsa ukochi. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno kwa Bembeke, ndipo ukochiwo sindinaupeze chifukwa chodziwa mpira kuposa ena ayi. Ndinali ndi wezulo, ndinkatha kulemba kalata yopita ku komiti ya ligi, basi anthu n'kugwirizana kuti aphunzitsi ndi amene atsogolere anyamatawa. Tsamba la chaka chimene ndikufuna kukambachi ndimalitsegula kawirikawiri. Kumtunda kwake kuli 1-0, 2-1, 2-0, 1-0. Kufika pakati pa Ogasiti manambala akutembenuka: 1-3, 2-2, 0-2, 1-4. Amene anavulala sabata imeneyo anali wosewera wakutsogolo, namba 9, koma khomo limene linayamba kutseguka linali lakumbuyo. Kuchinya tinkachinyabe pang'ono. Kuchinyidwa ndi kumene kunabwera ngati madzi osefukira. Zinanditengera miyezi iwiri kuti ndimvetse chifukwa chake, ndipo m'miyezi iwiri imeneyo ndinawononga bondo la mwana wa eniake.

Dzina lake sinditchula. Anali ndi zaka 23, woyamba kubadwa m'banja la ana asanu, bambo ake anatisiya kalekale. M'mawa ankapalasa kabaza kuchokera pa mphambano ya M1 kulowa m'midzi, masana n'kukhala ku dimba kuthirira kachewere, cha m'ma 4 koloko n'kutulukira pabwalo matope ali m'miyendo. Mpira wa pamwendo analibe kwenikweni. Nthawi zina akaulandira unkamuthawa ngati nkhuku yoona mpeni, ndipo zigoli zimene anaphonya atatsala yekha ndi goloboyi anthu amazikambabe mpaka lero. Masapota ankakuwa sabata ndi sabata: "Aphunzitsi, mutulutseni ameneyo, akutidyera nthawi!" Wapamtima wawo anali mnzake amene ankasewera naye kutsogoloko, kamnyamata kowonda, kodziwa njomba, kamene m'chigawo choyamba cha ligi kanachinya zigoli zambiri kuposa aliyense m'timu.

Chimene namba 9 wathu anali nacho ndi mapapo, komanso mtima wosafuna kuona mdani ali pamtendere. Wotchinga kumbuyo wa timu ina akangolandira mpira, asanadzutse n'komwe mutu, iye anali atafika kale pamphuno. Akaupereka kwa mnzake, iye ankapitirira kwa mnzakeyo. Akaubweza kwa goloboyi, ankafika mpaka kwa goloboyi. Mapeto ake anthu aja ankangoumenya poti upite, ndipo mpira womenyedwa mwamantha umagwera aliyense. Pakati pathu pankasewera madoda awiri odziwa kuwerenga mpira koma miyendo itayamba kulemera, wina atapitirira zaka 30. Mipira yotayidwa ija ankangoitola osatuluka thukuta, n'kuiponya kutsogolo. Pamenepo namba 9 anali atathamangira kale m'mbali, otchinga awiri ali pambuyo pake, kamnyamata kaja katatsala kokha pakati. Kona ikakhala ya adani, ankabwerera kudzaima pa mtengo wapafupi wa golo ndi kuchotsa ndi mutu. Zonsezi sindinamuphunzitse ine, ndipo kunena zoona sindinkaziona n'komwe. M'kope langa munali mzere wa ochinya zigoli basi. Mzere wa munthu amene wachititsa kuti mdani ataye mpira munalibe.

Anavulala pabwalo lathu, Lamlungu lina la mphepo, nthawi imene udzu wauma ndipo nthaka yalimba ngati simenti. Bwalo lathu ndi la sukulu. Nthawi ya dzinja ng'ombe zimadutsapo, ziboda zake n'kusiya timaenje timene timauma momwemo. Ankathamangitsa wotchinga kumbuyo, uja n'kukhotera kumanzere mwadzidzidzi. Iye anaponda ndi mwendo wamanja kuti akhote naye. Phazi linatsala pamene linaponda, thupi n'kutembenuka. Palibe anamukhudza. Anagwa atagwira bondo, ndipo titafika anati, "Aphunzitsi, chalira m'katimu, chati thu!"

Poti palibe anamukhudza, pabwalo ponse nkhani inali imodzi: waponda mankhwala. Ena ankaloza pakati pa bwalo pamene alendo anaunjikana masewero asanayambe, ena ankanong'ona za munthu wa m'mudzi mwawo momwemo. Pambuyo pake ndinadzamva kwa madokotala kuti mtsempha wa m'kati mwa bondo umene unaduka tsikulo nthawi zambiri umaduka chomwechi, popanda kugundana ndi munthu: pokhota mwadzidzidzi, poima mwadzidzidzi, kapena potera ukadumpha. Tsiku limenelo sindinkadziwa, ndipo sindinatsutse aliyense.

Zimene tinachita ndizinena mmene zinalili, chifukwa ndimaziona zikuchitikabe m'mabwalo ambiri kuno. Tinamuthira madzi pabondo. Mmodzi wa akomiti anati wabinya, n'kumugwira chidendene ndi kukoka mwendo mwamphamvu kuti zibwerere m'malo. Tinamuimiritsa, anapondaponda, anati akumvako bwino, ine n'kumulola kubwerera m'bwalo. Sanathe mphindi zisanu. Bondo linagwedera ngati mwendo wa tebulo wozuka msomali, anakhala pansi yekha n'kukweza dzanja. Madzulo mayi ake anawiritsa madzi ndi kumuthowa, anzake n'kumusisita ndi mafuta oyaka aja a m'golosale. Kutacha bondo linali ngati dzungu. Lachiwiri anapita naye kwa sing'anga, anabwerako ndi mphini kuzungulira bondo lonse.

Panalibe wankhanza pa anthu onsewa. Aliyense ankathandiza mmene amadziwira. Koma bondo limene latupa pasanathe maola awiri kapena atatu chivulalireni nthawi zambiri mumakhala mutalowa magazi, ndipo kuthowa ndi kusisita kumangowonjezera moto. Masiku awiri kapena atatu oyamba limafuna kuzizira: madzi oundana okulunga m'kansalu, mphindi 15 mpaka 20, kubwereza pakapita maola awiri kapena atatu, kulimanga ndi bandeji mosathinitsa, mwendo uli pamwamba pa pilo, mwiniwake osaupondera. Chimene chimandiwawa n'choti tsikulo pabwalo panali ana atatu kapena anayi ogulitsa mafirizesi. Kuzizira kumene bondolo linkafuna kunali pomwepo, pa mtengo wosaposa wa chitumbuwa.

Ku chipatala cha pa Boma tinapita patatha sabata yathunthu. Anamujambula X-ray, mafupa onse ali bwinobwino. Dokotala wa mafupa amene anamuona anamugoneka chagada, anagwira ntchafu ndi dzanja limodzi, linalo n'kukokera msongolo kutsogolo. Anachita chimodzimodzi ku mwendo wabwino, kenako anatiyang'ana. Anati akukayikira kuti mtsempha wa m'kati mwa bondo waduka, kuti X-ray imaonetsa mafupa osati mitsempha, kuti mnyamatayu asayerekeze kusewera mpira, ndipo tibwerenso kutupa kukachepa kuti aone ngati n'kofunika kutitumiza ku Lilongwe. Anafunsanso za mphini zija, n'kuchenjeza kuti mabala a lezala pa bondo lotupa atha kulowetsa matenda. Analankhula zonsezi momveka bwino, m'Chichewa chathu chomwechi. Ife pa mawu onsewo tinatolapo awiri okha: fupa silinathyoke. Pofika kumudzi uthenga unali woti namba 9 alibe vuto, akungofunika kupuma pang'ono. Tsiku lobwereranso kuchipatala linadutsa palibe wolikumbukira.

Timu ija inayamba kusweka m'malo amene sindinkayembekezera. M'malo mwake ndinaikamo mnyamata wongomaliza kumene Fomu 4, waluso kumuposa kutali, woti akaugwira mpira masapota amaimirira. Koma mpira ukakhala kwa adani ankaima manja ali m'chiuno, kudikira. Otchinga kumbuyo a matimu ena anayamba kukhala ndi nthawi: kuuimitsa, kuyang'ana, kusankha woti amupatse. Madoda athu awiri apakati aja, amene kale ankangotola, tsopano ankathamangitsa mipira yolunjika bwino, ndipo pofika mphindi 60 malilime anali panja. Zikatero anayi akumbuyo ankakumana ndi anthu asanu akubwera ndi liwiro, opanda wowachedwetsa. Kamnyamata kochinya kaja nako kanauma. Otchinga awiri amene kale ankatsatira namba 9 tsopano anali pa iko, ndipo thupi loti n'kukankhana nawo kanalibe.

Ku treningi nakonso kunazizira. Sindinkadziwa kuti anyamata ambiri ankafika nthawi yabwino chifukwa cha manyazi: munthu wochokera ku dimba atasenza makheni tsiku lonse akamazungulira bwalo kakhumi osadandaula, iwe wochokera pa bawo ungati watopa ndi chiyani? Iye atasowa, ozungulira kakhumi anayamba kuzungulira kasanu, ndipo Lachitatu lina ndinapezeka ndili ndi anthu 9 okha ndi mpira umodzi wophwa.

Anthu amadzudzula chimene akuchiona. Woyamba kunyozedwa anali goloboyi. Titagonja 4-1 kwathu komwe, mphekesera inabuka yoti wadya ndalama za alendo. Anakhala masabata awiri osaonekera, ndipo mkazi wake ankamva mawu pa mjigo. Kenako anatembenukira kaputeni, kenako ine. Mkulu wa golosale amene ankatilipirira lole anayamba kusayankha foni Lachisanu likafika. Akomiti anakhala pansi kawiri konse kukambirana zopita kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kuti akatsuke timu. Ine ndinasintha otchinga kumbuyo katatu, kuchotsa anthu osalakwa, pomwe bowo linali mamita 70 kutsogolo kwawo.

Bondo lamtunduwu limanyenga. Patatha masabata anayi kapena asanu kutupa kunatha, ululu unachepa, mnyamata uja anayamba kuyenda osatsimphina. Anabwereranso pa kabaza. Tsiku lina anafika pabwalo n'kuthamanga kuchokera kugolo kuno kukafika kugolo uko, molunjika, ana asukulu akuwomba m'manja. Ine sindinamuuze kuti akhote ngakhale kamodzi. Ndikuganiza kuti pansi pa mtima ndinkadziwa chimene ndikanaona.

Kutsogolo kwathu kunali masewero a ku Golomoti, ndi timu imene tinkalimbirana nayo malo apamwamba. Tikanapambana, kachiyembekezo kakanatsalako. Atcheya anandipeza kusukulu nthawi ya buleki. "Aphunzitsi, mwana akalira nyanga ya nsatsi msemere. Mwiniwake akufuna, inu mukukaniziranji?" Mwambiwo sanaumalize, ndipo ine sindinawakumbutse kuti umathera poti imufotere yekha. Mwiniwakeyo ankafunadi. Chilowereni Dedza Dynamos mu Super League, mnyamata aliyense wa m'boma lino amasewera akudziwa kuti Dedza Stadium sipatali, ndipo kuti tsiku lina wina atha kumuona. Iye ankaona ngati chaka chake chikupita ali pa benchi. "Aphunzitsi, ndachira ine. Mungondimanga bandeji basi."

Loweruka madzulo kunyumba kwanga kunafika amalume ake, mkulu wofatsa, mwini mbumba. Mpando anakana, anakhala pa khonde. Titalonjerana anati, "Aphunzitsi, tamva kuti mawa mukumutenga mwana wa mlongo wangayu. Ife za mpira sitizidziwa. Chimene tikudziwa n'choti feteleza wa mayi ake amachokera m'miyendo imeneyi." Ndinayankha kuti, "Musadandaule amalume, akakhala pa benchi. Zikavuta akalowa mphindi 20 zokha zomaliza." Anati zikomo, n'kutsanzika. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, popanda wondigwira pakhosi.

Kwa amene simunatsikeko: kuchoka kumtunda kuno, kumene m'mawa timavala majuzi, mumadzera pa Masasa n'kutsetsereka Khwekhwelere, ndipo mukafika kuchigwa mpweya wake umakhala ngati wa pa uvuni ya njerwa. Anyamata athu a kumapiri anafooka chigawo choyamba chisanathe. Tinapita kopuma tikugonja 1-0. Mphindi 20 zomaliza zija sindinazidikire. Ndinamulowetsa chigawo chachiwiri chikungoyamba, bondo litamangidwa mabandeji awiri, atamwa mapiritsi opha ululu amene wina wa akomiti anagula pa msika. Bandeji imagwira khungu ndi mtima wa munthu, fupa siligwira. Mapiritsiwo ntchito yake inali yotseka pakamwa mlonda yekhayo amene akanamuchenjeza.

Kwa mphindi 12 timu yathu yakale inabwerera. Mpira sanaugwire koposa katatu, koma otchinga a eni bwalo anayamba kumenya mwamantha, madoda athu anayamba kutola, kamnyamata kaja kanapeza mpata n'kubweza chigoli. Ndinaima pamzere ndikuona ndi maso chimene kope langa linali lisanalembepo chiyambire. Kenako goloboyi wawo ananamizira kupita kumanja n'kutembenukira kumanzere, iye n'kukhota naye. Ulendo uno sanakuwe. Anangogona chafufumimba n'kumamenya nthaka ndi chibakera. Tinagonja 3-1, ndipo pokwera Khwekhwelere usiku anagona pa mulu wa majezi kumbuyo kwa lole, akubuula pa kona iliyonse. Amene mukuudziwa msewu umenewu mukudziwa kuchuluka kwa makona ake.

Lolemba nditaweruka ndinapita ndekha kwawo. Mayi ake anandiyalira mphasa, n'kulowa m'khitchini osatulukanso. Amalume aja sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero. Anangofunsa kuti, "Ndi mphindi 20 zija zimenezi, aphunzitsi?"

Ulendo uno tinamvera. Pa Boma anatilembera kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita opitirira 80. Kumeneko anatifotokozera bwino mmene bondo linapangidwira. M'kati mwake muli mitsempha iwiri yopingasana ngati mtanda, yolumikiza fupa la ntchafu ndi la msongolo. Wakutsogolo, umene madokotala amautcha ACL, ndi umene umaletsa msongolo kutsetserekera kutsogolo ndi kupotoka munthu akamakhota. Ukaduka wonse, kawirikawiri sulumikizana wokha. Munthu atha kuyenda, kupalasa njinga, ngakhale kuthamanga molunjika, chifukwa minofu ya ntchafu imagwirizira. Koma akakhota ali pa liwiro bondo limaguluka pang'ono n'kubwerera, ndipo nthawi iliyonse likatero litha kung'amba kanyama kolimba kamene kamakhala ngati khushoni pakati pa mafupa awiriwo. Wathuyu kuvulala koyamba kunadula mtsempha, kwa ku Golomoti kunang'amba khushoniyo. Koyambako inali ngozi. Kwachiwiriko ndinasainira ine pa fomu ya osewera.

Wofuna kubwerera mu mpira wampikisano nthawi zambiri amafunika opaleshoni. Amatenga kachidutswa ka mtsempha wina pa mwendo womwewo n'kupanga watsopano, kenako pamabwera mafizo a miyezi yambiri, ndipo kuti asewerenso pamadutsa miyezi pafupifupi 9 mpaka chaka. Ife odzaza m'mavidiyo sho Loweruka lililonse tinayenera kuzidziwa kale zimenezi. Virgil van Dijk anaduka mtsempha womwewu mu Okutobala 2020 pa masewero a Liverpool ndi Everton, ndipo ligi imeneyo inatha mu Meyi 2021 iye asanasewerenso. Nditaona Gabriel Jesus wa Arsenal, amenenso ndi wakutsogolo wothamangira anzake, akutuluka pa machira mu Januwale 2025 pokumana ndi Manchester United mu FA Cup, n'kukhala kunja nyengo yonse yotsalayo, ndinakumbuka wathuyu. Amenewo ali ndi madokotala a timu, makina, ndi malipiro obwera ali chigonere. Ine ndinkafuna kuti mlimi wa kachewere achire m'masabata asanu ndi bandeji.

Banja linakhala pansi. Opaleshoni inkatanthauza maulendo ambiri a ku Lilongwe ndi miyezi yambiri munda uli wopanda mwini, dzinja lili pakhomo. Anasankha njira inayo imene madokotala anaitchulanso: kusiya mpira ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi mafizo. Kwa miyezi itatu njinga ya kabaza ankayendetsa ndi mng'ono wake wa Sitandade 8, amene anayamba kujomba. Podutsa pa kalasi yoyandikana ndi yanga ndinkaona malo ake opanda munthu. Kachewere wa ku dimba anakakumba ndi anzake a timu Loweruka lina, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene tinachita bwino chaka chimenecho popanda wotiuza. M'thumba la timu munali ndalama zosakwana ngakhale ulendo umodzi wa minibasi wopita ndi kubwera.

Ligi inali isanathe. Masewero anayi omaliza ndinasiya kufunafuna munthu mmodzi wolowa m'malo mwake, poti panalibe. Ntchito yake ndinaigawa patatu. Wa Fomu 4 uja ndinamuuza kuti sindikufuna aulande mpira, angotseka njira kuti wotchinga asaubwezere pakati. Osewera awiri a m'mbali azifika pa munthu wawo mpira uli m'njira. Ndipo timu yonse isunthire kutsogolo mamita ngati 10 kuti madoda apakati asamathamange mtunda wautali. Sabata yoyamba zinali chipwirikiti, tinachinyidwa ziwiri ndi mipira yodutsa pamwamba. Kenako tinafanana mphamvu kawiri ndi kupambana kamodzi. Timu imene inatha chigawo choyamba ili pa nambala 2 inamaliza pa nambala 8. Goloboyi palibe anamupepesa.

Chaka chotsatira treningi ndinaiyamba mosiyana. Mnzanga wina wophunzitsa ku sekondale anandionetsa pa YouTube ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa FIFA 11+, imene inakonzedwa n'cholinga chochepetsa kuvulala kwa osewera. Imatenga mphindi 20 ndipo sifuna chida chodula: kuthamanga pang'onopang'ono, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha ndi kutera bondo litapindika koma osagwera m'kati, ndi ija wina amagwada mnzake atamugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono. Poyamba anyamata ankaseka, ankati aphunzitsi atiyambitsa chitelele. Pano amachita okha ine ndisanafike. Lachisanu lililonse timayenda bwalo lonse ndi makasu ndi wilibala kukwirira timaenje. Pa ndalama za m'mbale imene timayendetsa kwa oonerera, gawo lina limapita m'thumba la ovulala okha, ndipo amasunga ndi mayi wina wa m'komiti amene sabwereka ngakhale atcheya.

Wosewera akagwa yekha, nanena kuti chalira m'kati, bondo n'kuyamba kutupa, sabwereranso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale alire chotani. Sakokedwa mwendo, sathowedwa, ndipo m'mawa mwake amakhala ali pa Boma ndi munthu wonyamula cholembera, woti alembe zonse zimene dokotala wanena, osati mawu awiri okoma okha. Tsiku lobwerera mu timu amanena ndi achipatala, ndipo asanavale jezi ndimafuna ndimuone akudumpha ndi mwendo wovulalawo wokha, akukhota mbali zonse ali pa liwiro, m'mawa mwake bondo osatupa. Pa mfundo imeneyi ndakanganapo ndi akomiti kawiri, ndipo ulendo wina ndinasiya wezulo patebulo n'kutuluka. Anandipeza kunyumba patatha masiku atatu, wezuloyo ili m'thumba la atcheya.

Kope lija tsopano lili ndi mzere wina kumanja kwa ochinya zigoli, ndipo amalemba ndi namba 9 wathu uja. Lamlungu amafika pa njinga yake, amaitsamiritsa pa mtengo wa bulugama, amatenga kope ndi pensulo n'kuima pafupi nane. Wosewera wathu akachititsa mdani kutaya mpira, amajambula kamzere pa dzina lake. Ndi wouma pa nkhani imeneyi. Sapereka kamzere kwa munthu wongothamanga kuti masapota amuone. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi bondo limamuvuta, ndipo potsetsereka kupita ku dimba amayenda chammbali. Mng'ono wake uja anabwereza Sitandade 8.

Amalume ake tikakumana pa msika timalonjerana bwinobwino. Amandifunsa za ana asukulu, za mvula, za mtengo wa feteleza. Za mpira sanandifunsepo.